Kulondola Mapazi a Thomas Smyth, Mmisiri wa Ngolo Wochokera ku Cork

Lolemba, 3 Epulo, Wilmington

Kwa zaka zinayi ndakhala ndikudutsa pa manda a Wilmington and Brandywine m'mawa uliwonse popita kuntchito, koma monga munthu amene anakula akuuzidwa kuti kumanda sikulowedwa popanda maliro kapena chilolezo cha amfumu, sindinaganizepo zopondamo phazi. Amene anandilowetsamo ndi agogo ena amene ndinkawasamalira kuchipatala chaka chatha, mdzukulu wa anthu ochokera ku Ireland. Tsiku lina ndikuwatembenuza pabedi anandifunsa ngati anthu akwathu akamwalira kunja amaikidwa komweko. Ndinawauza kuti timasonkherana ndalama kufikira maliro atakwera ndege kupita kumudzi, ngakhale zitatenga mwezi. Iwo anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anati m'manda amene ndimadutsawo mugona mnyamata wa ku Cork amene ankafunitsitsa kubwerera kwawo koma sanabwerere.

Mnyamatayo ndi Thomas Alfred Smyth, amene anabadwa pa 25 Disembala 1832 ku Ballyhooly, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Blackwater, ndipo anakula akulima m'munda wa bambo ake. Asanakwanitse zaka 13, chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, yomwe ija amayi a pamsika kwathu amangoitchula kuti ayirishi, ndipo pakati pa 1845 ndi 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi matenda, pamene ena oposa miliyoni anathawa m'dzikomo pa sitima za pamadzi. Smyth anachoka mu 1854, ali ndi zaka 21, n'kukatsikira ku Philadelphia kumene anagwira ntchito yosema matabwa ndi kupanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Mu 1858 anasamukira kuno ku Wilmington, m'chigawo cha Delaware, mzinda umene pa nthawiyo unkadziwika ndi ntchito yomweyo ya ngolo.

Pakati pa Philadelphia ndi Wilmington pali nkhani imene sindingaibise, chifukwa ine ndi mlamu wanga takangana nayo kale ulendo usanayambe. Smyth anapita ku Nicaragua m'gulu la William Walker, Mmereka wina wopanda manyazi amene analanda dzikolo ndi mfuti, nadziika kukhala pulezidenti mu 1856, n'kuchotsa lamulo loletsa ukapolo. Walker anaomberedwa ku Honduras mu 1860. Alamu akuti munthu amene ananyamulapo mfuti ya Walker sayenera kuthereredwa mafuta a galimoto. Ine ndikuti mnyamata wosauka amene wangofika kumene m'dziko la eni amalowa ntchito imene yapezeka, ngakhale ndikuvomereza kuti yankho limeneli silikundikhutitsa kwenikweni, pakuti ambiri anali osauka chimodzimodzi koma sanapite ku Nicaragua.

Masana ano ndinaima pa chiliza chake kwa mphindi zochepa. Pafupi pake pali msewu waukulu moti phokoso la galimoto silitha, ndipo wina anali atazikapo kambendera kakang'ono ka America kamene kanali katasuluka ndi dzuwa. Smyth anavulazidwa pa 7 Epulo 1865 n'kumwalira pa 9 Epulo, tsiku limene Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a kummwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, anagonja kwa Ulysses S. Grant, mkulu wa asilikali a kumpoto. Chaka chino masiku agwirizana ndendende ndi a 1865, moti 9 Epulo ikugwa Lamulungu la Kanjedza monga zinalili nthawi imeneyo, ndipo n'chifukwa chake ndapempha tchuthi cha sabata imodzi kuti ndiyende m'malo amene iye anadutsa, kufikira pamene anatsirizikira.

Lachiwiri, 4 Epulo, Antietam

Tinanyamuka kusanache. Alamu, amene amayendetsa malole ndipo misewu ya kuno amaidziwa ngati njira ya kudimba, anafuna kuti tiyambire ku Gettysburg chifukwa ndi komwe kuli panjira, koma ine ndinakakamira kuti titsate zaka osati mapu.

“Alamu, mafutawa mukudziwa mtengo wake?” anandifunsa.

“Ndikudziwa, alamu, ndipo ndilipira ndine,” ndinawayankha, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Nkhondo yapachiweniweni itayamba mu 1861, Smyth anasonkhanitsa anzake n'kulowa m'gulu la 24th Pennsylvania, momwe munali anthu ambiri ochokera ku Ireland, ndipo anapatsidwa udindo wa captain. Gululi linalembedwa kwa miyezi itatu yokha, popeza akuluakulu ankaganiza kuti nkhondoyo sidzachedwa kutha. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anakhala major m'gulu la 1st Delaware. Chigawo cha Delaware chinali pamalo ovuta: chinakana kupatuka pamodzi ndi zigawo za kummwera, komabe chinali chikadalola ukapolo, ndipo mu 1860 munali akapolo pafupifupi 1,800.

Malo amene ndinabwerera kuno ndi kamsewu kakale ka alimi kamene kanakumbika ndi matayala a ngolo ndi madzi a mvula kufikira kanakhala ngati ngalande. Pa 17 Sepitembala 1862 asilikali a kummwera anabisala m'kamsewuka, ndipo gulu la Smyth linali m'gulu la oyamba kutulukira pamwamba pa kamtunda kamene kali kutsogolo kwake. Ndinatsikira m'kamsewumo n'kugwada, kuti ndione zimene obisalawo ankaona. Munthu wochokera kumpoto saoneka kufikira atafika pamwamba pa kamtundako, ndipo akangofika amaonekera yense, kuyambira chipewa mpaka nsapato, kumbuyo kwake kuli thambo loyera. Sipafunika katswiri kuti amuombere. Gulu la 1st Delaware linataya pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'mawa umodzi wokha, akufa ndi ovulala pamodzi, ndipo mbendera yawo itagwera pakati pa magulu awiriwo, Charles Tanner anathamanga kukaitola zipolopolo zikuvumba ngati matalala. Tsiku limenelo anthu pafupifupi 23,000 a mbali zonse anaphedwa, anavulala kapena anasowa, ndipo kamsewuka kanatchedwa Bloody Lane kuyambira pamenepo.

M'kamsewu komweko munali colonel wa ku Alabama, John B. Gordon, amene anaomberedwa kasanu koma anapulumuka. Ndalemba dzina lake m'kabuku kanga chifukwa tidzakumana naye Lachisanu. Chakumapeto kwa kamsewuka, pafupi ndi nsanja yamiyala yoonera malo, pali chipilala cha Irish Brigade, gulu la anthu a ku Ireland limene linalowa pankhondoyi pambuyo pa gulu la Smyth n'kukumana ndi moto womwewo. Patatha masiku asanu Abraham Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopanduka adzakhala mfulu kuyambira pa 1 Januwale 1863. Ndinauza alamu kuti kuyambira pamenepa munthu wa Walker uja anali kumenyera nkhondo yothetsa ukapolo, kaya ankafuna kaya sankafuna. Iwo anangoti mfuti siidziwa amene yamumasula.

Lachitatu, 5 Epulo, Gettysburg

Kuno zipilala n'zochuluka moti munthu amatopa nazo, ndipo mabasi a ana asukulu amatsika ndi kukwera tsiku lonse. Pofika Julayi 1863 Smyth anali colonel, akutsogolera magulu angapo a ku Delaware, New Jersey, Connecticut ndi New York, pa mtunda wa Cemetery Ridge. Anthu ake anaima kuseri kwa kampanda kamiyala kofika m'maondo, pafupi ndi kanyumba ka Abraham Brian, mlimi wakuda amene anali mfulu ndipo anali ndi munda wakewake pamenepa. Brian anali atathawa ndi banja lake asilikali a Lee asanafike, pakuti asilikaliwo akapeza munthu wakuda ku Pennsylvania ankamugwira n'kumutumiza kummwera, osafunsa ngati anali kapolo kapena ayi. Kanyumbako n'kakang'ono, kopaka laimu, ndipo alamu anakazungulira kawiri, atachotsa chipewa, osalankhula. Ndi malo okhawo pa ulendo uno mpaka pano pamene sanafunse kuti tinyamuka nthawi yanji.

Kutsogolo kwa mpandawo, pakati pa magulu awiri a nkhondo, panali nyumba ndi khola la banja la Bliss, momwe anthu oombera chobisala ankalowa. Malowo analandidwa ndi kulandidwanso kangapo kufikira anthu a Smyth, a gulu la 14th Connecticut, anawatentha m'mawa wa pa 3 Julayi. Masana ake mizinga inalira kwa nthawi yoposa ola, kenaka asilikali a kummwera pafupifupi 12,500 anadutsa dambo lonse poyera kulunjika pa mtundawu. Nthawi ino Smyth ndiye anali kuseri kwa mpanda, ndipo ena ndiwo ankabwera poyera, zosiyana ndi za ku Antietam. Tsiku limenelo kachidutswa ka bomba la mzinga kanamuvulaza kumutu, koma bala lake linapola ndipo anabwerera kunkhondo.

Tisananyamuke tinapita kukaona chipilala cha Irish Brigade, chimene chinaimikidwa mu 1888: mtanda wa mtundu wa ku Ireland, ndi galu wamkulu wamkuwa atagona pansi pake, mutu uli pa miyendo, ngati akudikira mbuye wake amene sadzabwera. Anthu obadwira ku Ireland pafupifupi 150,000 anamenya nkhondo kumbali ya kumpoto, ndipo ena, ochepa poyerekeza, anali kumbali ya kummwera. Komanso masiku khumi okha itatha nkhondo ya kuno, anthu ambiri a ku Ireland a ku New York anachita zipolowe zokana kulembedwa usilikali mokakamiza, n'kupha anthu akuda m'misewu. Zimenezi sizinalembedwe pa mtandawo, koma munthu wakuda akaima patsogolo pake sangachitire mwina koma kuzikumbukira.

Lachinayi, 6 Epulo, kuchokera ku Fredericksburg kufika ku Sailor's Creek

Lero linali tsiku la msewu wautali ndi mvula yowaza. Ku Fredericksburg tinangoima ola limodzi pa mpanda wamiyala wa m'munsi mwa phiri la Marye's Heights, pamene pa 13 Disembala 1862 Smyth anatsogolera gulu lake la Delaware kukwera poyera, monga anachitira magulu ena ambiri tsiku limenelo, popanda ngakhale mmodzi wofika pa mpandawo. A kumpoto anataya anthu oposa 12,000. Tinadutsanso m'nkhalango ya Wilderness ndi ku Spotsylvania, kumene mu Meyi 1864 Smyth ankatsogolera Irish Brigade yeniyeniyo, udindo umene anaugwira kwa miyezi pafupifupi iwiri.

Chimene chinandigwira mtima lero si malo, koma zimene asilikali a ku Ireland ankachita usiku m'mahema. Ambiri a iwo anali a bungwe la Fenian Brotherhood, limene John O'Mahony anayambitsa ku America mu 1858, ndipo cholinga chake chinali kuchotsa ulamuliro wa Britain ku Ireland ndi mfuti. Smyth anali mmodzi wa atsogoleri a bungweli pakati pa asilikali. Kwa anthu amenewa nkhondo ya America inali ngati sukulu: ankati aphunzire kuyendetsa magulu ndi kuomba mizinga, kuti nkhondo ya eni dziko ikatha awoloke nyanja kukamenya yawo. Aliyense wa ife amene ali kunja akudziwa mawu akuti “ndingopeza kangachepe, ndibwerera,” ndipo akudziwanso mmene zaka zimadyera mawu amenewa mwakachetechete. Kusiyana kwake n'kwakuti kangachepe ka Smyth kanali luso la nkhondo, ndipo sukulu yake inkapha ophunzira tsiku ndi tsiku.

Anakwezedwa kukhala brigadier general pa 1 Okutobala 1864, ali m'maenje a ku Petersburg, kumene magulu awiriwa anayang'anizana kwa miyezi yoposa isanu ndi inayi. Pa 2 Epulo 1865 mzere wa Lee unasweka, mawa lake Richmond, likulu la zigawo za kummwera, inagwa, ndipo unayamba mpikisano wolowera kumadzulo, Lee akufunafuna chakudya ndi njira yothawira, Grant akumutsekera kutsogolo. Tinafika ku Sailor's Creek dzuwa litapendeka. Pa tsiku ngati lalero Lee anataya pano anthu oposa 7,000, ambiri mwa iwo ogwidwa. Nyumba ya Hillsman, imene inasandutsidwa chipatala, ikadalipo, ndipo pa matabwa a pansi pakadali madontho akuda a magazi amene analowerera mpaka kukana kuchoka. Ine amene ndimakolopa magazi pa simenti yosalala sabata iliyonse, ndinawayang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu, 7 Epulo, High Bridge ndi Farmville

Tagona ku Farmville, ndipo m'mawa uno tinasiya galimoto n'kuyenda pansi kutsata njira yakale ya sitima, imene tsopano anachotsamo njanji n'kuthiramo timiyala kuti anthu aziyendamo ndi kupalasamo njinga. Mlatho wa High Bridge umadutsa pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Appomattox, ndipo kutalika kwake n'koposa mamita 700, pamene kuchokera pamwamba kufika pamadzi ndi pafupifupi mamita 38. Alamu, amene saopa kuyendetsa lole usiku pa chipale chofewa, anayenda pakati penipeni pa mlathowo osayang'ana kumbali. Ukasuzumira pansi umaona zipilala zanjerwa za mlatho wakale zitaima pambali pa zitsulo za mlatho wa pambuyo pake, ndipo mtsinjewo umaoneka waung'ono ndi wamatope, wosayenerana ndi mbiri yake.

Lee anawolokera kumpoto kwa mtsinjewu poganiza kuti akatentha milatho yonse kumbuyo kwake apeza tsiku limodzi kapena awiri opumira. Mlatho wa sitima anauyatsadi moto, ndipo mbali ina inagwa, koma pansi pake panali kamlatho kena ka ngolo kamene anachedwa kukatentha. M'mawa wa pa 7 Epulo asilikali a gulu la Andrew Humphreys anafika moto usanagwire bwino, nauzimitsa ndi madzi a m'zigubu zawo ndi mabulangete onyowa, n'kuwoloka. Kamlatho kameneko ndiko kanafupikitsa nkhondo, ndipo ndikonso kanatengera Smyth ku imfa yake.

Atawoloka, gulu la Francis Barlow, momwe munali Smyth, linakhotera kutsata njanji kulowera ku Farmville, pambuyo pa asilikali oteteza kumbuyo kwa Lee. Wotsogolera asilikali amenewo anali John B. Gordon, yemwe uja wa m'kamsewu ka ku Antietam. Smyth anali pa kavalo, kutsogolo pamodzi ndi anthu ofufuza njira, monga chinali chizolowezi chake, pamene munthu wina woombera chobisala anamulasa. Chipolopolo chinalowera kukamwa n'kukaswa fupa la m'khosi, ndipo anagwa pa kavalo thupi litafa ziwalo, koma mutu ukugwira ntchito.

Pobwerera kuchokera pa mlatho ndinayenda pang'onopang'ono m'njira yomweyo yolowera ku Farmville. Kumbali zonse kuli mitengo ya paini ndi timitengo tina tamaluwa ofiirira timene timaphuka nyengo ino masamba asanatuluke. Anthu othamanga ankatipitirira, mayi wina akukankha mwana m'kangolo, ndipo palibe amene akanaganiza kuti pa mtunda umenewu panachitika kanthu. Ndinayesa kulingalira chimene munthu wodziwa nkhondo ngati Smyth ankafuna kutsogolo kwenikweni pa tsiku limene aliyense ankaona kuti mdani watha mphamvu, pakuti m'misewu munali mutadzaza ngolo zosiyidwa, mfuti zotayidwa ndi akavalo akufa ndi njala. Ndikuganiza kuti analakwa, ndipo ndikunena zimenezi mwaulemu. Koma ndikudziwanso kuti asilikali ake ankamukonda chifukwa cha khalidwe lomwelo, loti sankatuma munthu kumene iye sanafikeko, ndipo munthu sasintha khalidwe la zaka zinayi chifukwa choti kwatsala masiku awiri, makamaka pamene sakudziwa kuti atsala awiri.

Madzulo a tsiku lomwelo Grant anafika m'tauni muno, nakhala pa hotela ina ya pa msewu waukulu, n'kulemba kalata yake yoyamba yopempha Lee kuti agonje pofuna kupewa kukhetsa magazi ena. Kalatayo inalembedwa cha m'ma 5 koloko. Pa nthawi imeneyo Smyth anali atagona kale pa machila kwa maola angapo.

Loweruka, 8 Epulo, Burkeville

Lero alamu anati apume, moti ndinayendetsa ndekha galimoto kupita ku Burkeville, mtunda wosafika makilomita 30 kuchokera ku Farmville. Mu 1865 pamenepa pankakumana njanji ziwiri, ya South Side ndi ya Richmond and Danville, ndipo ovulala ankawatengera kuno kuti akakwere sitima yopita ku zipatala zikuluzikulu za kufupi ndi Petersburg. Smyth sanafike pokwerera sitimayo. Anamutsitsira pa Burke's Tavern, nyumba ya alendo imene ili panja pang'ono pa tauniyi, ndipo ikadaima mpaka lero. Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kuiyang'ana chapatali, osalowa pabwalo la eni.

Pano ndiyenera kulankhula monga munthu wa ntchito yanga. Ndasamalirapo anthu othyoka khosi, ambiri a iwo pa ngozi za galimoto, ndipo ndikudziwa chimene timachita m'maola oyamba: khosi timalimanga kuti lisagwedezeke ngakhale pang'ono, pomunyamula timakhala anthu anayi kapena asanu n'kumutembenuza ngati chipika chimodzi, madokotala amajambula kuti aone pamene fupa lasweka, ndipo mpweya ukayamba kuvuta makina amamupumira. Mu 1865 panalibe chilichonse mwa zimenezi. Makina ojambulira mafupa anatulukira mu 1895, patapita zaka 30. Chipolopolo cha nthawi imeneyo chinali chachikulu, cha mtovu wofewa umene unkaphwanyika ukagunda fupa, ndipo madokotala ankachifufuza ndi chala kapena kachitsulo kosawiritsa. Mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa ululu analipo, koma bala la m'khosi silidulidwa ngati mwendo. Ndipo munthu wotereyu anamukweza m'ngolo ya odwala, pa msewu wa matope umene magulu awiri a nkhondo anali atangoupondaponda. Dzenje lililonse la pamsewupo linkafika m'khosi mwake. Sindinathe kuleka kuganiza kuti iye anali mmisiri wa ngolo, wodziwa kusiyanitsa ngolo yoyenda mofewa ndi yogwedeza pongomva kulira kwa matayala.

Chovuta kwambiri pa kuvulala kotere n'chakuti wodwala amamva ndi kuzindikira zonse. Amaona nkhope za omuzungulira, amadziwa tanthauzo la kunong'onezana kwawo, koma ntchentche ikatera pamphumi sangaithamangitse, ndipo madzi akumwa amadikira dzanja la wina. Mpweya umachepa pang'onopang'ono, chifuwa chimalephera kutsokomola, ndipo usiku ndiwo umakhala woipitsitsa. Smyth anakhala choncho kuyambira Lachisanu masana, Loweruka lonse, kufikira mbandakucha wa Lamulungu. Ndikaganiza za mawu akuti “anamwalira ndi mabala,” amene amalembedwa m'mabuku a asilikali m'mzere umodzi waufupi, ndimaona maola amenewa, pafupifupi makumi anayi, ndi anthu amene ankasinthana kumunyowetsa milomo.

David Maull, dokotala amene anagwira ntchito m'gulu la 1st Delaware, ndiye analemba mbiri ya moyo wa Smyth mu 1870. Zinandikhudza kuti amene anatenga cholembera sanali mkulu wa asilikali mnzake kapena wandale, koma munthu wa zamankhwala. Ndinakhala m'galimoto kufikira mwini nyumba ina yapafupi anatuluka kudzaona kuti mlendoyu akufunanji, ndipo ndinamukwezera dzanja n'kunyamuka.

Lamulungu la Kanjedza, 9 Epulo, Appomattox Court House

Ndinadzuka 4 koloko popanda wondidzutsa, nthawi imene Smyth anatsirizika, ali ndi zaka 32. Ndinakhala pa mpando wa m'chipinda cha hotela kufikira kunja kutayera, ndikumva malole akudutsa pa msewu waukulu.

Kuchokera ku Farmville kufika kuno ndi ulendo wosakwana ola. M'mawa wa tsiku limenelo Gordon anayesa komaliza kuboola njira yolowera kumadzulo, ndipo atakankha asilikali a pa akavalo anapeza kumbuyo kwawo mizere ya asilikali oyenda pansi amene anayenda usiku wonse kudzatseka msewu. Pakati pawo panali magulu a asilikali akuda, ena a iwo anthu amene anabadwira mu ukapolo. Alamu atawerenga zimenezi pa chikwangwani anandiitana kuti ndibwere ndidzaone, ngati kuti sindinali kudziwa.

“Alamu, awa ndiye akanayenera ulendo wa sabata yonse,” anatero.

Sindinawatsutse. Ndinangowauza kuti ulendo wotsatira asankhe ndiwo, mafuta alipirenso ndiwo.

Nyumba ya Wilmer McLean, momwe Lee ndi Grant anakumana masana, ndi yomangidwanso pa maziko akale, ndipo chipinda chochezeramo n'chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, muli matebulo awiri otalikirana pang'ono. Grant analola kuti asilikali a Lee apite kwawo atalonjeza kuti sadzanyamulanso zida, ndipo amene anali ndi kavalo kapena bulu wakewake amutenge akalimire, popeza inali nyengo yodzala. Anawatumiziranso chakudya. Amene analemba mwaudongo mfundo za mgwirizanowo anali Ely Parker, wa mtundu wa Seneca, mmodzi wa eni nthaka enieni a dziko lino. Anthu pafupifupi 28,000 analandira timapepala towalola kubwerera kumudzi, ndipo pa 12 Epulo Gordon ndiye anawatsogolera potula mfuti ndi mbendera zawo pa msewu wa pamudzipa.

Pakati pa imfa ya Smyth ndi kukumana kwa akuluakulu awiriwo panadutsa maola osafika khumi. Iye ndiye anali general womaliza wa kumpoto kufa ndi chipolopolo cha mdani pa nkhondo imene inapha anthu oposa 600,000, ndipo boma linamupatsa ulemu wa udindo wa major general atamwalira kale. Gordon anakhala ndi moyo mpaka 1904, nakhala senator ndiponso bwanamkubwa wa Georgia. A Fenian anayesadi nkhondo yawo: mu 1866 ena analowa ku Canada ndi mfuti, ndipo mu 1867 ena anaukira ku Ireland komweko, koma zonse ziwiri zinalephereka m'masiku ochepa, ndipo Smyth sanaone ngakhale chimodzi.

Pa tchalitchi china cha m'njira anthu ankatuluka atanyamula masamba a kanjedza, opyapyala ndi otuwa, oitanitsa kuchokera kutali chifukwa kuno kanjedza samera. Mayi wina anatipatsa limodzi pa zenera la galimoto titaima podikira kuti awoloke msewu.

Lolemba, 10 Epulo, Wilmington

Tinayenda maola oposa asanu kubwerera, kudzera ku Richmond, Washington ndi Baltimore. Thupi la Smyth linabwera kuno m'masiku amene dziko lonse linali pa maliro ena, pakuti Lincoln anaomberedwa pa 14 Epulo n'kumwalira mawa lake. Anaikidwa mumzinda umene anakhalamo zaka zitatu zokha nkhondo isanayambe, kutali ndi Ballyhooly ndi mtsinje wa Blackwater. Delaware, chigawo chimene dzina lake analinyamula pa mbendera kuyambira ku Antietam, chinakana mu 1865 kuvomereza kusintha kwa malamulo kothetsa ukapolo, ndipo chinadzavomereza mu 1901.

Tisanapite kunyumba ndinapempha alamu kuti aime pa manda paja. Poyamba anati andidikira m'galimoto, koma nditayenda pang'ono ndinamva chitseko chikutsekeka kumbuyo kwanga. Kambendera kaja kanali katagwa ndi mphepo, ndipo iwo ndiwo anakatola n'kukazikanso, akukanikiza dothi ndi chidendene cha nsapato. Ine ndinaika tsamba la kanjedza lija m'munsi mwa chiliza n'kulitsindira ndi kamwala. Mawa ndikulowa ntchito 7 koloko m'mawa, ndipo agogo aja anatuluka m'chipatala kalekale, moti sindidzawapeza kuti ndiwauze kuti ndinakafika ku Farmville.